Kodi Kuchira Kumagulidwa? Mbiri ya Kabotolo ka M'masewera ndi Mankhwala a Kwathu ku Karonga



Sabata ino tiyamba ndi chinthu chimene ambiri a inu mumachidziwa kuposa ife. Mukamasewera masewera a nkhondo pa foni, msilikali wanu amakhala ndi kamzere kosonyeza moyo wake. Akavulala kamzereko kamafupika, ndipo kakatsala pang'ono kutha mumathamangira kabotolo kapena kabokosi ka mankhwala. Akangomwa, mphamvu zabwerera, nkhondo ikupitirira. Ngati kabotoloko simunakatole panjira, mumakagula ndi ndalama za m'masewera momwemo.

Kabotolo kameneka kali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inayamba mafoni asanabwere. Opanga ndi osewera masewerawa akhala akukangana kwa zaka 50 pa mafunso atatu: kodi mankhwala ochiritsa azigulitsidwa m'sitolo, azigulidwa ndalama zingati, ndipo azipezeka kuti? Iwo amakangana akuseka, atakhala pa tebulo. Koma mafunso omwewo makolo athu kuno ku Karonga akumana nawo kwa zaka zoposa 100, ndipo kwa iwo yankho lake linali moyo kapena manda. Tiyeni tsono tiyende m'mbiri ziwirizi, ya pa tebulo ndi ya pakhomo pathu.

Kumene kabotolo kanachokera

Mu 1974, amuna awiri a ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson, anasindikiza malamulo a masewera otchedwa Dungeons & Dragons, kudzera m'kampani yaing'ono ya TSR ya m'tauni ya Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Masewerawa safuna magetsi. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi, timiyala ta manambala timene amaponya pofuna kudziwa ngati chimene akuyesa chatheka. Mmodzi amakhala wofotokoza nkhani, monga agogo amachitira poimba nthano madzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti omvera sangovomera kuti ali tonse; aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanoyo, msilikali, mlenje kapena wansembe, n'kumanena yekha zimene munthu wakeyo achite.

Munthu aliyense wa m'masewerawa amakhala ndi nambala yosonyeza mphamvu za moyo wake. Akalasidwa nambalayo imatsika, ikafika pa ziro wagwa. Apa ndi pamene panabadwira funso la machiritso. M'malamulo oyamba aja, kuchira kunali kovuta. Wovulala ankayenera kugona masabata kuti mphamvu zibwerere pang'onopang'ono. Wansembe wa m'gululo ankatha kuchiritsa zilonda, koma wongoyamba kumene analibe mphamvu imeneyo mpaka atakwera sitepe imodzi. Kabotolo ka mankhwala kanalipo, koma sikanali pa mndandanda wa katundu wa m'sitolo pamodzi ndi zingwe, miuni ndi malupanga. Kanali chuma chobisika, chopezeka mwamwayi m'mapanga oopsa. Amene wakapeza ankakasunga ngati dzira.

M'buku la otsogolera masewera la mu 1979, Gygax anaika mitengo imene ansembe a m'tauni za m'nthanomo azilipiritsa alendo ofuna kuchiritsidwa, ndipo mitengoyo inali yokwera. Kuchira kukakhala kosavuta, osewera saopanso kanthu, ndipo masewera opanda mantha sakoma.

Mtengo ndi mtunda

Zinthu zinasintha mu 2000, pamene kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inatulutsa malamulo achitatu. Tsopano chinthu chilichonse chochiritsa chinapatsidwa mtengo woti munthu akhoza kuchigula nawo. Kabotolo kochiritsa zilonda zazing'ono kanali ndalama zagolide 50. Kandodo kochiritsa maulendo 50 kanali ndalama zagolide 750, ndipo osewera ochenjera anazindikira msanga kuti kusonkherana n'kugula kandodoko n'kotsika mtengo kusiyana ndi kugula timabotolo.

Koma m'malamulo omwewo munali lamulo lina limene ife a kumudzi tiyenera kulimvetsa bwino. Malo aliwonse okhala anthu anali ndi malire a mtengo wa zinthu zimene zingapezekeko. Kamudzi ka anthu osapitirira 80 sikankagulitsa chinthu choposa golide 40. Choncho kabotolo ka golide 50 sikankapezekamo, ngakhale munthu atabwera ndi thumba lodzaza. Kandodo kaja kankayamba kupezeka m'tauni ya anthu oposa 900. Olemba malamulowo, mwina osaganizirako n'komwe za anthu ngati ife, analemba choonadi chachikulu: kukhala ndi ndalama sikokwanira ngati mankhwala ali kutali.

Malamulo achisanu, a mu 2014, anaika kabotoloko pa mndandanda wa katundu wamba, pa mtengo womwewo wa golide 50. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'buku lomwelo, waganyu wopanda luso amalandira ndalama zasiliva 2 pa tsiku, ndipo siliva 10 ndiye golide mmodzi. Ndiye kuti waganyuyo ayenera kugwira ntchito masiku 250, osadya, osagula mchere, kuti agule kabotolo kamodzi. Ngwazi za m'nthanomo zimagula timabotolo khumi nthawi imodzi chifukwa zimafukula chuma m'mapanga. Mlimi wa m'nthano yomweyo akalumidwa ndi njoka amangofa. Osewera ambiri sazindikira zimenezi, pakuti iwo amasewera ngati ngwazi. Ife, amene makolo athu anali alimi ndi asodzi, tikudziwa mbali imene tikanakhala.

Chipondamthengo ndi phiri la Khondowe

Tibwerere kwathu tsono. Azungu asanafike, anthu a m'chigwa chino, pansi pa ufumu wa Kyungu, anali ndi asing'anga awo odziwa mizu, makungwa ndi masamba. Kuchiritsa sikunali kwaulere, koma kunalinso kosiyana ndi kugula m'sitolo. M'Chichewa tili ndi mawu akuti chipondamthengo, kamphatso kamene wodwala amapereka poyamba kuti sing'anga alowe m'tchire kukakumba mankhwala. Malipiro enieni, kaya nkhuku kaya mbuzi, kawirikawiri ankabwera wodwala atachira. Sing'anga ankakhala m'mudzi momwemo kapena m'mudzi woyandikana nawo, ndipo akalephera ankakumana ndi abale a malemu pa chitsime. Kudziwana kumeneku kunali chitetezo cha wodwala. Sitikunena kuti mizu inkachiza zonse, pakuti nthomba ndi khate sizinkamva mizu. Tikungoona kuti mankhwala anali pafupi ndipo wowapereka anali ndi nkhope yodziwika.

Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene ambiri ankaitcha Mandala, inatsegula sitolo ku Karonga, ndipo patapita zaka zitatu nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, inabuka. Pa nkhondoyo panali dokotala wa mishoni ya Livingstonia, David Kerr Cross, amene ankamanga mabala a ovulala, kuphatikizapo Frederick Lugard amene anawomberedwa mu 1888. Umu ndi mmene mankhwala a kuchipatala anafikira m'boma lino: dokotala mmodzi, bokosi limodzi, pakati pa mfuti.

Mishoni ya Livingstonia itasamukira pa phiri la Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws, amenenso anali dokotala, chiyembekezo chinakula, ndipo mu 1911 chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa. Chinali chipatala chenicheni, chochita opaleshoni ndi kuphunzitsa ana a dziko lino ntchito ya udokotala. Koma amene anakwerapo msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera ku Chitimba akudziwa tanthauzo la chipatala chokhala pamwamba pa phiri. Wodwala wa ku Kaporo kapena ku Mpata ankafunika bwato kapena machila, amuna omunyamula, ufa wa paulendo ndi masiku ambiri. Mtengo waukulu sunali wolipira pa khomo la chipatala. Unali ulendo wokafika pa khomopo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa anthu ambiri a m'chigwa chino, chipatala cha pa Khondowe chinali fodya wapachala.

Mabotolo a Mchape

Pamene mankhwala enieni ali kutali, ogulitsa chiyembekezo amafika pafupi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, nthawi imene malonda a dziko lonse lapansi anagwa ndipo ntchito za m'migodi zinachepa, kunabuka gulu la Mchape. Linayambira kumwera, cha ku Mulanje, ndipo linafalikira mpaka kwa Abemba ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, ndiponso kumwera chakumadzulo kwa Tanganyika, maiko oyandikana nafe. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Audrey Richards, anawaona anthuwa mu 1934 ndipo analemba za iwo chaka chotsatira. Anali anyamata ovala zachizungu, onyamula timagalasi toonera amene ankawaganizira ufiti, ndi mabotolo a mankhwala ofiira amene mudzi wonse unkamwa. Lonjezo lawo linali lakuti matenda ndi imfa zobwera ndi ufiti zitha. Pambali pake ankagulitsa tizithumwa ndi ufa wodzitetezera.

Taonani kusintha kumene kunachitika. Sing'anga wakale ankalipidwa wodwala atachira ndipo ankatsala m'mudzimo. Wa Mchape ankalandira ndalama lero, mawa ali kutsidya kwa mtsinje. Mankhwala ake anali m'botolo ngati a kuchipatala, amodzi omwewo kwa aliyense, ndipo ankalonjeza zimene kabotolo ka m'masewera kamalonjeza: imwani kamodzi, zonse zatha. Imfa sizinathe. Koma chilakolako cha botolo limodzi lothetsa zonse sichinafe, ndipo tikumana nachonso posachedwa.

Mankhwala amene anayenda kufuna wodwala

Pali gawo la mbiri ya boma lino limene dziko lonse la zaumoyo limalidziwa, pamene ife eni ake sitilikamba kawirikawiri. Khate linali lofala kuno. M'nthawi ya atsamunda, odwala khate ankatumizidwa kumidzi yapadera ya amishoni monga Mua ndi Utale, kutali ndi abale awo, ndipo poyamba ankabayidwa mafuta a mtengo wa ku India amene ankapweteka kwambiri koma osathandiza mokwanira. Kenaka kunabwera mapiritsi a dapsone, amene munthu ankamwa kwa zaka zambiri, ena moyo wawo wonse.

Mu 1979 bungwe la LEPRA linakhazikitsa ntchito yofufuza za khate ku Chilumba, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine wa sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine. Chimene anachita chinali kutembenuza ulendo. M'malo modikira kuti wodwala akwere phiri, magulu a antchito, ambiri mwa iwo ana a boma lino, anayenda khomo ndi khomo kuyambira mu 1980 mpaka 1984, kuyeza khungu la anthu oposa 100,000. Wopezeka ndi khate ankayamba kulandira mankhwala kufupi ndi kwawo, osalipira. Kuyambira mu 1986 mpaka 1989, anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1996, zinaonetsa kuti kubaya katemera wa BCG kachiwiri kunkachepetsa khate ndi pafupifupi theka, ngakhale kuti sikunathandize pa chifuwa chachikulu. Ngati agogo anu ali ndi zipsera ziwiri za katemera pamkono, afunseni. Mwina ndi mboni za ntchito imeneyi.

Nthawi yomweyo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linali litalangiza, kuyambira mu 1981, kuti khate lizichizidwa ndi mankhwala angapo ophatikiza, amene amathetsa matendawa m'miyezi m'malo mwa moyo wonse. Pofika mu 1994, odwala khate m'Malawi anachepa kufika pansi pa munthu mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Kuyambira mu 1995 mankhwalawa amaperekedwa kwaulere pa dziko lonse. Khate silinathe, ndipo amene ali ndi banga losamva kukhudza ayenera kupita kuchipatala. Koma nthenda imene inkaopsa mibadwo yonse inagonja pamene zinthu zitatu zinakumana: mankhwala ochizadi, opanda mtengo, ofika pakhomo.

Zaka za Edzi

Mayeso aakulu a mafunso athu atatu anabwera ndi Edzi. M'zaka za m'ma 1990 panalibe mudzi umene unkatha mwezi wopanda maliro, ndipo omwalira anali aphunzitsi, asodzi, amayi a ana aang'ono. Mu 1995 mbiri inamveka yakuti Billy Goodson Chisupe, bambo wa m'mudzi wa Chikamana kufupi ndi Liwonde, walota mankhwala a Edzi. Anthu anawatchanso Mchape. M'miyezi yochepa anthu pafupifupi 300,000 anakhamukira kumeneko kukamwa chikho cha madzi a makungwa. Chisupe sankalipiritsa mankhwala ake, koma mabanja analipira mabasi, anagulitsa mbuzi, ananyamula odwala kayakaya pa malole, ndipo kachilombo sikanachoke m'magazi. Zinabwerezekanso mu 2011 ku Samunge, kumpoto kwa Tanzania, kumene Ambilikile Mwasapile, m'busa wopuma ntchito wochokera ku Rungwe kwa abale athu Anyakyusa, ankamwetsa anthu chikho pa mashilingi 500. Mizere ya magalimoto inatalika makilomita ambiri, ena anafera pamzere, ndipo ena amene anasiya mankhwala a kuchipatala pokhulupirira chikhocho anataya moyo. Mankhwala otsika mtengo amene sachiza amakhala okwera mtengo kuposa onse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala enieni analipo. Kuyambira mu 1996, ku Ulaya ndi ku America anthu a kachilombo ka HIV ankamwa ma ARV ophatikiza n'kudzuka pa bedi. Koma mtengo wake unali madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Apa kabotolo ka golide 50 kanakhala chinthu chenicheni, ndipo ife tinali waganyu uja wa siliva 2. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inalengeza kuti ikhoza kupereka mankhwala omwewo pa madola 350 pa chaka. Mu November chaka chomwecho, maiko a m'bungwe la zamalonda pa dziko lonse anagwirizana ku Doha kuti malamulo oteteza eni mankhwala asalepheretse maiko kuteteza moyo wa anthu awo. Mtengo sunatsike wokha. Anthu odwala, madokotala ndi omenyera ufulu, makamaka ku South Africa, anaumenyera nkhondo.

Kuno kwathu, madokotala a MSF anayamba kupereka ma ARV kwaulere ku Chiradzulu mu 2001. M'zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi Lilongwe mankhwalawa ankagulidwa pa K2,500 pa mwezi, ndalama imene mlimi wamba sankaiona pa mwezi, ndipo kuchokera ku Karonga kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 500. Ambiri amene anayamba kugula ankalekeza ndalama zikatha. Mu 2004, ndi thandizo la Global Fund, boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'zipatala zake, ndipo mu June 2005 mankhwalawa anafika pa chipatala cha boma cha Karonga.

Umboni wa ku Chilumba

Zimene zinatsatira tikuzidziwa bwino chifukwa ofufuza a ku Chilumba aja, amene ntchito yawo inali itakula n'kutchedwa Karonga Prevention Study, anali atayamba mu 2002 kulemba kubadwa ndi imfa iliyonse pakati pa anthu pafupifupi 32,000 a m'dera lozungulira Chilumba. Anapeza kuti ma ARV asanafike, mwa achinyamata 100 alionse okwanitsa zaka 15, okwana 43 sakanafika zaka 60. Mwa imfa 352 za anthu a zaka zapakati pa 15 ndi 59, zokwana 229 zinali za Edzi.

Patatha miyezi isanu ndi itatu chipatala cha Karonga chitayamba kupereka mankhwalawa, anthu 107 a m'deralo anali atayamba kumwa, mwa anthu pafupifupi 334 amene ankawafuna. Imfa za akuluakulu okhala kufupi ndi msewu waukulu zinatsika ndi magawo 35 mwa magawo 100 alionse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2008 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, ndipo zinali umodzi mwa maumboni oyamba mu Africa wosonyeza kuti ma ARV aulere akhoza kuchepetsa imfa m'dera lonse, osati mwa odwala ochepa okha. Dzina la Karonga linamveka m'misonkhano ya maiko kumene ankakangana ngati n'koyenera kuika ndalama pa mankhwala a anthu osauka.

Koma tawerenganinso mosamala: okhala kufupi ndi msewu. Kwa okhala kutali ndi msewu kusinthako sikunaoneke m'miyezi yoyambayo. Mankhwala anali aulere kwa onse, koma kuchokera ku Chilumba kukafika pa boma ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo wa kumapiri ankayenera kuyamba watsika wapansi kapena pa njinga, ali wofooka, asanapeze minibasi, ndiponso asanapeze ndalama ya minibasiyo. Lamulo lija la kamudzi ka anthu 80 linagwira ntchito pa anthu enieni. Pamene mankhwalawa anayamba kuperekedwa ku Chilumba komweko mu 2006, ndipo kenaka m'zipatala zing'onozing'ono, imfa zinapitirira kutsika ndipo madera akutali nawo anayamba kupindula. Ena a inu amene mukuwerenga muli ndi mayi kapena bambo lero chifukwa cha makilomita amene anachotsedwa pa ulendo umenewo. Enanso munabadwa opanda kachilombo chifukwa mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV.

Pamene tili lero

Tisaganize kuti nkhaniyi inatha. Zipatala za boma sizilipiritsa mankhwala, koma tonse tamvapo mawu aja akuti mankhwala atha, kaguleni. Zipatala za mipingo, monga St Anne's ku Chilumba, zimalipiritsa kangachepe kuti ziyende, ngakhale kuti mapangano a pakati pa boma ndi bungwe la CHAM athandiza kuti m'zipatala zambiri zotere amayi oyembekezera asamalipire. M'misika yathu mapiritsi amayalidwa padzuwa pambali pa sopo ndi machesi, ena otha nthawi, ena osadziwika kumene achokera, ngakhale kuti lamulo limafuna kuti wogulitsa mankhwala akhale ndi chilolezo cha bungwe la PMRA. Munthu amagula makapisozi awiri chifukwa ndiwo akukwanira ndalama yake, amamwa, amamva bwino pang'ono, n'kusiya. Tizilombo totsala timazolowera mankhwalawo. Tinaonapo kale zotere ndi malungo: chloroquine anasiya kugwira ntchito ndipo dziko lino linasinthira ku Fansidar mu 1993, nayenso anafooka ndipo tinasinthira ku LA mu 2007.

Ogulitsa botolo limodzi nawonso sanapite. Lero amabwera ndi madzi ndi mafuta amene amati ndi odzozedwa, kapena ndi timabotolo ta pa WhatsApp tochiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka nthawi imodzi. Akhristu akale ankalemekeza madokotala awiri, Kosma ndi Damiano, ndi dzina la Chigriki lotanthauza opanda siliva, chifukwa sankalandira malipiro. Muyeso umenewo ndi wothandiza, koma mbiri ya Chisupe yatiphunzitsa kuti suli wokwanira. Funso loyamba ndi lakuti kodi chinthuchi chimachizadi, ndipo umboni wake uli kuti.

Ngakhale mankhwala aulere aja ali ndi amene amalipira. Gawo lalikulu la ndalama za ntchito yolimbana ndi Edzi m'dziko lino lakhala likuchokera kunja. Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo ntchito zambiri zaumoyo m'Malawi zinagwedezeka. Zimene zinapezedwa mu 2004 ndi 2005 zikhoza kuchepa ngati mbadwo wanu uziyesa kuti zinagwa kumwamba ngati mvula.

Mawu otsiriza

Pa tebulo la masewera, munthu wanu akafa mumatenga pepala lina n'kulemba dzina latsopano. M'malamulo a masiku ano, wovulala akagona usiku umodzi amadzuka wamphumphu. Kwa ife sizili choncho. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake mafunso amene osewera amawatenga ngati zokometsera masewera ali olemera kwa ife. Mbiri ya boma lino yatipatsa yankho lomveka: anthu amapulumuka pamene mankhwala ali ochizadi, otheka kuwapeza mosatengera thumba, ndiponso ali pafupi. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, maliro amachuluka.

Tsono pali zimene mungachite popanda kudikira boma kapena azungu. Ngati mnzanu ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a chifuwa chachikulu, musamusale. Mufunseni ngati ali ndi njira yokafikira kuchipatala tsiku lake likakwana, ndipo ngati muli ndi njinga, mutengeni. Mwana akatentha thupi kunyumba, limbikirani kuti akayezedwe magazi m'malo mogula mapiritsi pa msika. Mankhwala amene mwapatsidwa malizani onse. Wachibale akafuna kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha botolo lina, lankhulani mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, ndipo muuzeni za Chikamana ndi Samunge. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwanu ikaitana msonkhano, pitani mukafunse za mankhwala amene afika ndi amene atha.

Pokumana kwathu Loweruka likubwerali, aliyense abwere atafunsa wamkulu mmodzi wa kwawo funso ili: kodi muli mwana, mukadwala, mankhwala munkawapeza kuti, ndipo munkalipira chiyani? Lembani mayankhowo m'kope, ndi dzina la mudzi ndi chaka ngati akukumbukira, kuti tidzawawerenge pamodzi.